Ng'ombe ikapoloza musangokwirira thole basi, yezetsani brucellosis

Alimi anzanga a ng'ombe, makamaka inu a mkaka, pali chizolowezi china chomwe ndimachiona m'makola ambiri ndipo chimandidandaulitsa. Ng'ombe yapoloza bere la miyezi 7, mwini wake akuti mwina inagwa kudambo kapena inagundidwa ndi inzake, thole amaponyera agalu, nkhani yathera pompo. Chaka chotsatira ng'ombe yomweyo yabereka bwinobwino ndiye aliyense akuti mwaona, inali ngozi chabe. Apa ndi pomwe matenda opolozetsa otchedwa brucellosis amatipusitsira. Ng'ombe zambiri zimapoloza kamodzi kokha, kenako zimabereka ngati zilibe vuto koma tizilombo tikadali mthupi ndipo timatuluka mumkaka komanso m'zonse zotuluka pobereka.

Kachilombo kake ndi bakiteriya wotchedwa Brucella abortus, anamupeza dokotala wa ziweto wa ku Denmark Bernhard Bang mu 1897. Bakiteriyayu amakonda kukhala m'chiberekero cha ng'ombe ya bere ndi m'mawere. Ku India, Pakistan ndi Egypt komwe amaweta njati zamkaka matendawa amagwiranso njatizo ndipo kayezedwe kake ndi komweka. Kwathu njati ndi zakutchire, koma nazo zimatha kukhala nako kachilomboka, ndiye inu odyetsera ng'ombe m'mbali mwa nkhalango ngati Vwaza kapena Lengwe khalani maso.

Zoti zikukayikitseni ndi izi, kupoloza bere litakula kale kuyambira miyezi 5 kupita mtsogolo, nsengwa kukakamira osatuluka mpaka kununkha, thole kubadwa lofooka n'kufa masiku ochepa, ng'ombe kukweredwa kangapo osatenga bere, mkaka kutsika. Nkhunzi imatha kutupa mavalo, ndipo zina zimatupa m'maondo chotupa chofewa ngati muli madzi. Koma ndinene mosabisa, palibe mlangizi ngakhale dokotala angayang'ane ndi maso n'kunena kuti iyi ndi brucellosis, matenda opolozetsa alipo ambiri. Chonena zoona ndi magazi.

Kuyeza koyamba kumatchedwa Rose Bengal ndipo sikovuta ayi. Avete amatenga magazi pamtsempha wa pakhosi kapena kunsi kwa mchira, amawasiya m'kabotolo agwirane mpaka pamwamba pabwere timadzi tachikasu. Kadontho ka timadzito amakasakaniza ndi kadontho ka mankhwala apinki pa kathailosi koyera, n'kumapendeketsa pang'onopang'ono kwa mphindi 4. Ngati ng'ombe ilibe, madziwo amangokhala osalala, ngati ili nako mumaona timibulu tikuundana m'mbali ngati mkaka woyamba kusasa. Zikatero musathamangire kupha, magaziwo amayenera kupita ku labu kukatsimikizidwa ndi njira ina monga ELISA kapena CFT, kuno kwathu labu yaikulu ya ziweto ili ku Lilongwe ndipo avete a kwanuko ndi omwe amadziwa katumizidwe kake.

Kwa magulu a mkaka pali njira ina yabwino kwambiri, milk ring test. Mumatenga mkaka pang'ono wa m'chigubu cha mlimi mmodzi, 1 ml basi, n'kuthiramo kadontho ka mankhwala abuluu, n'kuusunga pa kutentha kwa madigiri 37 kwa ola limodzi. Mafuta a mkaka akakwera pamwamba atatenga mtundu wabuluu uja n'kupanga kamphete, ndiye kuti mukholamo muli yokayikitsa, pitani mukatenge magazi imodziimodzi. Chenjezo ndi loti chithuwi kapena mkaka wa ng'ombe yotupa bele umatha kunamiza, ndiye osayeza wa yomwe yangobereka kumene.

Chomwe anthu ambiri amaphonya ndi nthawi yoyezera. Ng'ombe yomwe yangotenga kachilomboka kumene, kapena yomwe yapoloza dzulo, magazi ake amatha kuonetsa kuti ilibe. Yezetsaninso pakatha milungu 3. Yogula kumene muyiike payokha masiku osachepera 30, iyezedwe pofika ndiponso isanalowe m'khola la zinzake, olo wogulitsayo akhale achimwene anu. Msoti wobadwa kwa mayi wodwala umatha kubisa matendawa mpaka bere lake loyamba, ndiye funsani za mayi ake. Ndipo ngati ng'ombe inabayidwa katemera wa S19 auzeni avete asanayeze chifukwa katemerayu amatha kuchititsa magazi kuoneka ngati yadwala, pomwe wa RB51 satero. Nchifukwa chake timalimbikira za kabuku kolembamo mbiri ya ng'ombe iliyonse, ngakhale ena mumati n'kutaya nthawi.

Tsiku lomwe yapoloza, valani magolovesi kapena majumbo awiri m'manja, itanani avete kaye chifukwa thole ndi nsengwa zija ndi zothandiza ku labu ngati zikadali zatsopano, zotsalazo kwirirani dzenje lakuya kapena kuwotcha pamodzi ndi udzu wogonera, agalu asakhudze. Ng'ombeyo ipatuleni chifukwa zinzake zimatengera ponyambita.

Matendawa amagwiranso anthu, kudzera mumkaka wosawiritsa, chambiko chopangira pakhomo ndi mkaka wosaphika, kapena kutulutsa nsengwa ndi manja okha. Munthu amatentha thupi n'kuleka n'kuyambiranso, thukuta usiku, msana ndi mfundo kuwawa, akayezetsa malungo osawapeza. Mukafika pamenepo auzeni adokotala kuti mumagwira ng'ombe ndipo ina inapoloza, munthu amachira ndi mankhwala a milungu pafupifupi 6. Ng'ombe ndiye ayi, musawononge ndalama ndi jakisoni wa oxy (oxytetracycline) poti kachilomboka kamabisala mkati mwa maselo ndipo sikatha. Ikatsimikizika kambiranani ndi avete za kuichotsa, ndipo osaigulitsa kwa mlimi mnzanu kapena kuipereka pa ndondomeko yopatsirana ng'ombe ya pass-on.