Mwana akamadzimana chakudya dala, banja lichite chiyani?

Mtsikana akayamba kuwonda, maganizo a makolo amathamangira ku chifuwa chachikulu, HIV kapena njoka za m'mimba. Nkoyenera kuyezetsa zonsezo. Koma zikapezeka kuti mulibe, chakudya m'nyumba chilimo, mwana nkumangothabe, ganizirani za anorexia nervosa. Dzinali analipereka ndi dokotala wa ku England, William Gull, mu 1873. Awa ndi matenda a m'maganizo: munthu amaopa kunenepa koopsa, ndipo amadziona wonenepa ngakhale nthiti zikuwerengeka. Amagwira kwambiri atsikana achisodzera, koma anyamatanso amadwala. Si matama ayi, ndipo amapha.

Muonetsetseni pa nthawi ya chakudya. Amatema kambamu kakang'ono nkumangokakanda m'manja mpaka anzake atamaliza, kapena amati "ndadya kale kusukulu". Msambo umasiya, tsitsi limathothoka, amavala juzi ngakhale mu Okutobala.

Choyamba ndi chipatala. Musayambe ndi kumudyetsa chakudya chambiri nthawi imodzi. Thupi lomwe lakhala ndi njala nthawi yaitali likalandira chakudya chochuluka mwadzidzidzi, mchere wina wa m'magazi, makamaka phosphate, umatsika ndipo mtima ukhoza kuima. Adokotala ndi amene anene poyambira ndi mmene muzionjezera. Pemphaninso kuonana ndi a zamaganizo pa chipatala cha boma chanu; thandizo lotere limapezekanso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Mukabwerera kunyumba, ntchito yaikulu ndi yanu. Njira imene inayambira pa chipatala cha Maudsley ku London imaika makolo patsogolo: iwo ndi amene amasankha chakudya, kuchipakula ndi kukhala pomwepo mpaka chithe, chifukwa mwanayo panopa sangathe kudzisankhira. Adye katatu pa tsiku, ndi tokhwasula-khwasula pakati kawiri kapena katatu, pa nthawi zosasinthasintha. Chakudya chake ndi chomwechi cha masiku onse: phala lotsira nsinjiro kapena mkaka, nsima ya nyemba, mazira, usipa, mapeyala.

Apa pali chinthu chimene ndimachilimbikira kwambiri. Kudyera mbale imodzi kumabisa matendawa, chifukwa mbale ikatha aliyense amayesa kuti onse adya. Mpakulireni mbale yakeyake, mudye naye limodzi. Akalira kapena kukalipa, musamukalipire, musamumenye, komanso musachotse mbaleyo. Nenani modekha kuti, "Ndikudziwa kuti zikukuvuta mwanangu, ndili pompano, tema mbamu ina." Chimene mukulimbana nacho ndi matenda, osati mwana wanu. Akamaliza, khalani naye kwa ola limodzi, mukucheza kapena kusewera bawo, chifukwa imeneyi ndi nthawi imene ena amakadzisanzitsa kuseri kapena kuyamba kudumphadumpha kuti chakudyacho chisagwire thupi.

Samalani ndi malonje athu aja. Kwathu kuno kuuza munthu kuti "mwanenepatu" ndi kumuyamikira, koma kwa wodwala ameneyu mawuwo ndi okwanira kuti mawa akane phala. Auzeniretu agogo, azakhali ndi a kumpingo kuti asanene kanthu za thupi lake, kaya kuwonda kaya kunenepa. Angoti "takondwa kukuona". Nthawi ya kusala kudya kumpingo kapena kumzikiti, iye asasale nawo. Sikelo ikhale ya kuchipatala kokha.

Kuchira kumatenga miyezi, ena zaka, ndipo kubwerera m'mbuyo kumachitika, makamaka nthawi ya mayeso. Muzisinthana pomudyetsa kuti mayi yekha asatope. Mwana akakomoka, akamva kupweteka pachifuwa, akakana ngakhale madzi, kapena akayamba kulankhula zodzipha, musadikire tsiku limene anakulemberani. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.