Kukonza ulendo wa kunja wa ana ophunzira zilankhulo ndi zojambula

Lembani tsiku lonyamuka pakalendala, kenako muziwerenga chobwerera m'mbuyo. Miyezi isanu ndi inayi ndiyo yokwana bwino kukonzekera. Amene amayamba kutatsala miyezi itatu nthawi zambiri amasiya mwana mmodzi kapena awiri chifukwa cha mapepala.

Yambani ndi mapasipoti, ndipo muwaone ndi maso anu. Kholo likangoti "ilipo" musakhutire. Mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene munthu amayendamo ndi viza imodzi, monga France, Italy ndi Spain, amafuna pasipoti yosapitirira zaka 10 chiiperekereni, yokhala ndi masamba awiri opanda chidindo, komanso yoti idzakhale ikugwirabe ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lobwerera. M'mayiko ambiri pasipoti ya mwana imatha msanga kusiyana ndi ya wamkulu, ndiye pamenepa mpamene ambiri amakodwa.

Kwa ofunika viza ya Schengen, pempho limalandiridwa kuyambira kutatsala miyezi 6. Yankho limabwera m'masiku 15, koma likhoza kuchedwa mpaka masiku 45. Ngati mukukayenda mayiko awiri, kapempheni ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukakhalitseko. Ana asukulu ndi aphunzitsi owaperekeza pa ulendo wamaphunziro salipira ndalama ya viza, bola pakhale kalata yasukulu ndi ina yochokera kumene akukaphunzira, ngakhale kampani yolandira mafomu imatha kulipiritsa yake. Aliyense afunika inshuwaransi yachipatala yosachepera mayuro 30,000. Azaka 12 kupita m'mwamba amakaonekera iwo eni kukadinda zala, choncho pemphani tsiku limodzi la gulu lonse. Pa mwana aliyense muikenso kalata yachilolezo yosainidwa ndi makolo onse awiri kapena womulera, ndi kope la chiphaso chobadwira. Mapepala onse muwachite fotokope katatu: ena atenge mtsogoleri, ena mphunzitsi wachiwiri, ena atsale kusukulu.

Makampani ambiri a ndege amayamba kuwerenga gulu pa anthu 10. Dzina la patikiti lifanane ndendende ndi la papasipoti. Musalikopere m'kaundula wa m'kalasi, poti mmenemo mayina amafupikitsidwa.

Pulogalamu ya tsiku ndiyo imafuna kuileza mtima. Chilankhulo chikhale m'mawa, maola atatu, mitu ikadali yopepuka. Masana ana atuluke awiriawiri ndi ntchito yooneka: kugula tikiti ya sitima, kufunsa njira kwa anthu atatu osiyana, kulemba mawu khumi a pazikwangwani n'kudzawamasulira madzulo. Chimene chimaononga gawo limeneli kawirikawiri ndi mphunzitsi wachifundo. Mwana akangochita chibwibwi pakauntala, iye walowerera kale. Imani kumbuyo, manja m'thumba, mumusiye alimbane nacho. Wogulitsa akasinthira ku chilankhulo chimene mwanayo amachidziwa kale, mwanayo akhale ataphunzira chiganizo chimodzi chopempha mwaulemu kuti apitirize m'chilankhulo chimene wabwera kudzaphunzira.

Nyumba yosungiramo zojambula ikhale imodzi patsiku, maola awiri basi. Louvre ya ku Paris imaonetsa zinthu zoposa 30,000. Gulu lofuna kuona zonse limatuluka miyendo ili lendelende, osakumbuka kanthu. Sankhiranitu zojambula zisanu, ndipo pa chimodzi mwa izo ana akhale pansi mphindi 20 akuchijambula m'kope. Mphindi zisanu zoyambirira amadandaula. Kenako amayamba kuona kumene kuwala kukuchokera ndi mmene dzanja linayendetsera burashi. Onetsetsani masiku otseka: Louvre satsegula Lachiwiri, Musée d'Orsay ya ku Paris ndi Uffizi ya ku Florence satsegula Lolemba. Magulu asukulu amasungitsiratu malo ndi ola lolowera. Malo ambiri amalola pensulo ndi kope laling'ono, osati inki kapena penti, ndipo zikwama zakumsana zimasiyidwa polowera. Ku Prado, ku Madrid, kujambula ndi kamera kapena foni n'koletsedwa, zomwe kunena zoona zimathandiza phunziro.

Zida zojambulira zimavuta pabwalo la ndege. Mipeni yosongolera ndi masizasi zipite m'sutikesi yaikulu. Tapentaini (mankhwala osungunulira penti) ndi penti wopopera saloledwa m'chikwama chilichonse chifukwa sachedwa kuyaka, mukagule mukafika. Machubu a penti m'chikwama cham'manja amawerengedwa ngati zamadzi, ndiye asapitirire mamililita 100 lililonse. Mabatire ochajira foni ndi mankhwala a mwana, ali m'kabokosi kake pamodzi ndi kalata ya dokotala, zikhale m'manja. Pobwerera, zojambula zamakala zimafufutika zikamakhudzana. Ikani pepala lopyapyala pakati pake n'kuzipanikiza ndi makatoni awiri olimba.

Mwana aliyense apatsidwe nambala yake, ndipo pokwera ndi potsika paliponse azitchula manambalawo motsatana. M'thumba akhale ndi kakhadi kolembapo adiresi ya kogona, foni ya mphunzitsi ndi 112, nambala yangozi ya m'mayiko onse a European Union. Wotsala papulatifomu sitima itanyamuka aime pomwepo, mphunzitsi ndiye abwerere.

Mphunzitsi mmodzi pa ana asanu ndi atatu kapena khumi, koma aphunzitsi asachepere atatu ngakhale gulu litachepa. Pasipoti ikatayika pamafunika lipoti la polisi ndi chikalata chapadera choyendera kuchokera kwa kazembe wa dziko lanu, ndipo zimenezi zikhoza kudya masiku angapo. Mmodzi amatsala ndi mwanayo, awiri n'kubwerera ndi gulu.