Msewu wosalumikizika pa mapu ndi msewu wotseka

Mukatsegula OpenStreetMap, mapu a pa intaneti ojambulidwa ndi anthu odzipereka, n'kuyang'ana makomboni a mu Lusaka monga Kanyama kapena Chawama, maso amakhutira ndithu: misewu ilipo, nyumba zilipo, ngalande zajambulidwa. Koma foni siona ngati mmene timaonera ife. Imangotsata timadontho ndi mizere imene tinajambula, ndipo ngati kamsewu kotuluka m'komboni kathera mita imodzi kasanakhudze Los Angeles Road, kwa foniyo kamsewuko n'kotseka. Dalaivala wodalira mapulogalamu a pa foni osonyeza njira monga OsmAnd kapena Organic Maps adzazungulira kutali, kapena adzauzidwa kuti njira kulibe. Ife amene tinaona kolera ya 2017 ndi 2018, n'kuonanso odwala akugonekedwa ku Heroes Stadium mu 2024, tikudziwa kuti kuzungulira kotere kungachedwetse wodwala.

Mapu a OpenStreetMap anayambitsidwa ndi Steve Coast ku UK mu 2004, ndipo aliyense angathe kujambulamo. Ena amene anajambula makomboni athu sanapondepo mu Lusaka, anangotsata chithunzi cha satelayiti ali kwawo. Anagwira ntchito yaikulu, tiwathokoze, koma zolakwika zimene zinatsala ndife tingazikonze bwino chifukwa malowo timawadziwa.

Poyambira pake ndi kuzipeza. Ngati mumagwiritsa ntchito JOSM, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mapuwa, tsitsani kachigawo kakang'ono, osati komboni yonse, kenako dinani Shift ndi V kuti Validator, chida chake chofufuzira zolakwika, ifufuze. Pa iD, pulogalamu ina yokonzera mapu imene imatseguka pa intaneti pomwepo, machenjezo amaoneka pa Issues. Palinso Osmose ndi OSM Inspector zimene zimakusonyezani malo okayikitsa mumzinda wonse. Musaope kutalika kwa mndandanda. Yambani ndi misewu, nyumba zibwere pambuyo.

Mukapeza msewu wothera pafupi ndi unzake, kokerani chithunzi pafupi kwambiri. Ngati mukudziwa kuti misewuyo imakumanadi, pa JOSM sankhani kadontho komaliza ndipo dinani J kuti kalowe mumzere winawo. Ngati pali timadontho tiwiri tosanjikizana, sankhani tonse ndi kudina M. Pa iD ingokokani kadonthoko mpaka kamamatire. Koma dzifunseni kaye: kodi munthu amadutsadi pamenepo? M'makomboni mwathu muli njira zambiri zothera pa mpanda wa njerwa, pa shopu imene inamangidwa pakati, kapena pa ngalande yopanda podutsira. Pamenepo musalumikize. Ikani chizindikiro cha noexit=yes, chosonyeza kuti njira yathera pomwepo, pa kadontho komaliza, kuti wina wobwera pambuyo panu adziwe kuti sikuiwala.

Apa ndi pamene ndimalimbikira kwambiri ndikamaphunzitsa achinyamata. Chenjezo la Validator si lamulo, ndi funso. Ndaonapo anthu akuthamangira kuchotsa machenjezo onse kuti mndandanda uyere, mapu n'kuipa kuposa kale. Taganizirani za flyover ya ku Munali pa Great East Road. Mizere iwiri yadutsana, ndipo ngati zizindikiro zikusowa pulogalamu idzadandaula. Mukaika kadontho pamphambanoyo kuti dandaulo lithe, mwauza foni kuti galimoto ingathe kuchoka pamwamba n'kukhotera pansi pomwepo. Choyenera ndi kudula chigawo cha pamwambacho, pa JOSM ndi P, n'kuchipatsa bridge=yes ndi layer=1. Msewu ukadutsana ndi ngalande nkhani ndi yomweyo: ngati madzi amadutsa m'kalavati, dulani kachigawo ka ngalandeyo kokhala pansi pa msewu, mukapatse tunnel=culvert ndi layer=-1. Ngati madzi amangoyenda pamwamba pa msewu, ndiye pafunika kadontho kolumikiza ndi ford=yes. Chithunzi cha satelayiti nthawi zambiri sichingakuuzeni ngati pali kalavati kapena ayi. Amene angakuuzeni ndi mayi wogulitsa tomato pakona pomwepo, kapena mapazi anu nyengo ya dzinja.

Nyumba zili ndi mavuto akeake. Zina n'zokhota ngati zajambulidwa munthu ali m'minibasi. Q imawongola makona ake, pa JOSM ndi pa iD pomwe. Zina zasanjikizana chifukwa anthu awiri anajambula denga limodzi. Sungani yakaleyo, imene ili ndi mbiri ndi dzina, muikonze, ndipo mufufute yatsopanoyo. Zina mzere wake sunatsekeke, kapena wadzipingasa wokha ngati nambala 8, ndipo nyumba yotero singaoneke bwino pa mapu. Vuto lobisika ndi la nyumba yogawana kadontho ndi msewu. Tsiku lina wina akasuntha msewuwo, khoma la nyumba limakokedwa nawo. Zilekanitseni ndi G pa JOSM kapena D pa iD.

Mukaona kuti nyumba zonse za dera lina zapatuka mbali imodzi mamita angapo, manja aleze. Kawirikawiri cholakwa si nyumbazo, ndi chithunzi. Zithunzi za satelayiti za Bing ndi za Esri zinajambulidwa nthawi zosiyana ndipo sizigwirizana ndendende. Tsegulani mizere ya GPS imene anthu anakweza, muone pamene yambiri yadutsa, musunthe chithunzicho kuti chigwirizane nayo. Mzere umodzi wa GPS ya foni musaudalire, umatha kuphonya ndi mamita angapo. Ndipo musatengere Google Maps kuti mutsimikize, malamulo a OpenStreetMap saloleza kukopera kumeneko.

Pamene simukudziwa, siyani Note (kauthenga) pa mapu kapena lembani fixme (chizindikiro choti pakufunika kukonza), wina wokhala kufupi adzapitako. Kwezani zosintha zanu pang'onopang'ono, dera limodzi nthawi imodzi, ndipo pa changeset, gulu la zosintha zimene mwakweza pamodzi, lembani zomveka, monga "ndalumikiza misewu itatu ku Kanyama, ndinayendako". Mukaona kuti munthu mmodzi akubwereza cholakwa chomwecho, mulembereni pa changeset yake mwaulemu, mum'sonyeze malowo ndi batani loyenera kudina. Ambiri ndi ongoyamba kumene amene palibe anawauzapo kuti mizere iwiri yogundana ndi maso ingakhale yosalumikizika.