Mukachitidwa opaleshoni ya khansa ya chiwindi, sungani nambala yanu ya AFP

Munthu akachotsedwa chotupa cha khansa m'chiwindi, kapena madokotala akachiwotcha ndi singano, abale amapuma mtima pansi, ena n'kuyamba kale kufunsa mtengo wa basi ya kumudzi. Kusangalala n'koyenera, koma khansa imeneyi imakonda kubwerera. Mwa anthu 10 ochitidwa opaleshoni, ofika 7 imatha kuwayambanso zaka 5 zisanathe, ndipo zaka 2 zoyambirira ndi zimene zimaopsa kwambiri. Ikapezeka idakali yaing'ono amatha kuichotsanso kapena kuiwotcha. Ikapezeka mimba itatupa kale, maso atachita chikasu, thandizo limakhala lochepa.

N'chifukwa chake kuno ku Johannesburg, ku chipatala cha Charlotte Maxeke kapena cha Chris Hani Baragwanath, amakuitananibe kudzatenga magazi ngakhale mukudya bwino ndipo mwayambiranso ntchito. Chimene amayeza kawirikawiri ndi AFP, dzina lake lonse alpha-fetoprotein. Chinthuchi chimapangidwa ndi chiwindi cha mwana akadali m'mimba mwa mayi ake, ndipo akabadwa chimachepa kwambiri, moti mwa munthu wamkulu wathanzi nambala yake siidutsa 10. Maselo a khansa ya chiwindi amayambanso kuchipanga, ndiye nambalayo imakwera, nthawi zina kufika masauzande.

Choyamba, funsani adokotala kuti AFP yanu inali pa chiyani musanalandire chithandizo, mulembe. Popanda nambala yoyambayo, zotsatira zina zonse n'zovuta kuziwerenga. AFP imatsika ndi theka pa masiku 5 mpaka 7 alionse chotupa chikachoka chonse. Tiyerekeze inali pa 800. Sabata ikatha iyenera kukhala cha m'ma 400, sabata yachiwiri cha m'ma 200, mpaka pakatha mwezi ndi theka kapena iwiri ikhale itafika pansi. Ikatsika pang'ono n'kuima panjira, madokotala amakayikira kuti penapake patsala maselo a khansa amene maso sanawaone. Ikafika pansi, n'kudzayambanso kukwera ulendo uliwonse, 8 lero, 25 pakapita miyezi, kenaka 70, imeneyo ndi nkhani yofunika sikani msanga, ngakhale nambalazo zikuoneka zazing'ono.

Gulani kope la sukulu. Tsamba lililonse mulembe tsiku, nambala ya AFP, chipatala chimene mwayezetsa ndi zimene sikani yaonetsa. Mujambulenso mapepala a labu pa foni. Ambirife timasamukasamuka, chaka chino Rosettenville, chaka chamawa Tembisa, ndipo dokotala amene mwamupeza lero sangadziwe za miyezi yapitayo ngati mwabwera chimanjamanja. Nambala imodzi payokha siinena zambiri. Chimene dokotala akufuna kuona ndi kumene nambalazo zikulowera.

Koma AFP musaikhulupirire mopitirira. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu odwala khansayi, AFP yake siikwera n'komwe. Ngati yanu inali pansi chotupa chilipo, kukhala pansi kwake panopa sikukutsimikizira kanthu, ndipo sikani ya CT kapena MRI ndi imene ingakuthandizeni. Ngakhale amene AFP yawo inali pamwamba asadumphe sikani, imene m'zaka 2 zoyambirira imachitika miyezi 3 mpaka 6 iliyonse. Komanso AFP imatha kukwera popanda khansa, monga hepatitis B, matenda a kachilombo kotupitsa chiwindi, ikavuta kapena mayi akakhala woyembekezera. Ndiye mukaona nambala yakwera kamodzi, musathamangire kuimbira foni kumudzi kuti zinthu zavuta. Bwererani kwa adokotala, akayezenso.

Palinso zina zimene amayeza m'magazi, DCP, imene ena amaitcha PIVKA-II, ndi AFP-L3. Izi zimathandiza kugwira zotupa zina zimene AFP yaziphonya, ndipo DCP ikakhala pamwamba opaleshoni isanachitike, nthawi zambiri chotupacho chimakhala kuti chalowerera m'timitsempha ta magazi, zimene zimachititsa kuti khansa ibwerere msanga. Si paliponse pamene amaziyeza. Ngati akuyezani DCP, nenani ngati mukumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, chifukwa mankhwalawa amaikweza popanda khansa. Zoyeza tizidutswa ta DNA ya chotupa m'magazi zikadali pa kafukufuku, musataye nazo ndalama munthu akakulonjezani zodabwitsa.

Kwa ife a kuno kum'mwera kwa Africa, gwero lalikulu la khansayi ndi hepatitis B, ndipo dokotala wina, Michael Kew wa ku yunivesite ya Wits, anathera zaka zambiri akufufuza zimenezi kuno ku Johannesburg. Kuchotsa chotupa sikuchotsa kachilomboko. Kakapitiriza kuwononga chiwindi, chotupa chatsopano chimatha kumera pena, ngakhale zaka zitadutsa. Mankhwala a tenofovir amakagonetsa ndipo amachepetsa mpata woti khansa ibwerere. Amene mumamwa ma ARV a TLD, tenofovir ali momwemo, choncho kusiya kumwa kumadzutsa hepatitis B mwamphamvu, chiwindi n'kutupa, AFP n'kusokonekera. Mowa ndi mankhwala azitsamba a m'mabotolo ogula mumsewu, chiwindi chodulidwa kale sichingalimbane nazo.

Mukamakonza ulendo wa Disembala wopita kumudzi, onani kaye tsiku la magazi ndi sikani musanagule tikiti ya basi ku Park Station. Tengani mankhwala okwanira ulendo wonse ndi ena apadera, poti kuchedwa pa Beitbridge kapena pa Mwanza sikuchenjeza. Ngati mukupita kokakhalitsa, pemphani kalata ya adokotala yoti mukaonetse ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kope lija lili m'chikwama cha m'manja. Ndipo mtedza kapena chimanga chimene achibale akupatsani pobwerera, sankhani bwino. Chilichonse cha chuku, chofota kapena chowawa tayani, chifukwa poizoni wa aflatoxin amene ali mmenemo satha ndi kukazinga kapena kusinja nsinjiro, ndipo akakumana ndi hepatitis B chiopsezo cha khansa chimakwera kwambiri.