Malangizo a Kamwedwe ka Carbidopa-Levodopa kwa Odwala Parkinson ndi Owasamalila

Pepala ili ndi la munthu amene dokotala wamulembela carbidopa-levodopa, ndiponso la wacibale amene amamupatsa mankhwala kunyumba. Ku famasi mungawapeze ndi dzina la Sinemet kapena maina ena a makampani osiyanasiyana. Palinso Madopar, momwe muli benserazide m'malo mwa carbidopa, ndipo zambili zolembedwa pano zimakhudzanso iyeyo. Sungani pepalali pamodzi ndi khadi lanu la kucipatala.

Mmene mankhwalawa amathandizila

Matenda a Parkinson amayamba maselo a mu ubongo opanga dopamine, kemikolo yothandiza kuti thupi liziyenda bwino, akamafa pang'onopang'ono. Dopamine akacepa, dzanja limanjenjemela munthu atangokhala, thupi limauma, mapazi amakhwekhweleza pansi, mau amatsika, ndipo kumanga batani la shati kumasanduka nchito yaikulu. Levodopa akafika mu ubongo amasanduka dopamine. Carbidopa salowa mu ubongo. Amangoteteza levodopa kuti asasinthike ali m'njila, ndipo n'cifukwa cake mselu umacepa. Kuyambila kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, palibe mankhwala amene aposa levodopa pocepetsa zizindikilozi. Koma sacilitsa matendawa, ndipo maselo amene anafa sabwelela.

Yang'anani manambala awili a pabokosi nthawi iliyonse mukalandila mankhwala atsopano. Pakalembedwa 25/100, ndiye kuti pilitsi limodzi lili ndi 25 mg ya carbidopa ndi 100 mg ya levodopa. Palinso 10/100 ndi 25/250. Pilitsi la 25/250 ndi lamphamvu kwambili kuposa la 25/100, conco manambala akasiyana ndi a mwezi watha, funsani musanacoke pawindo. Mapilitsi olembedwa CR amasungunuka pang'onopang'ono m'mimba: musawatafune kapena kuwasinja.

Nthawi yomwela

Apa ndi pamene pagona nkhani. Levodopa sakhalitsa m'magazi. Matenda akali kuyamba, kucedwa ndi ola limodzi sikuoneka kwenikweni, koma zaka zikapita thupi limadalila pilitsi lililonse. Mudzaona nokha: ambuya amene m'mawa anali kusesa pakhonde, nthawi ya pilitsi ikadutsa amalephela kunyamuka pampando, mapazi ngati amatidwa pansi. Si ulesi, ndipo si kuti acita dala. Mankhwala atha mphamvu m'thupi.

Conco musamwe mongoti "m'mawa, masana ndi madzulo". Pemphani dokotala akulembeleni maola enieni, mwacitsanzo 07:00, 12:00 ndi 17:00, ndipo cholani alamu pa foni. Mukaiwala, imwani mukangokumbukila, pokhapokha ngati nthawi ya pilitsi lotsatila yayandikila. Musamwe awili pamodzi pofuna kubweza limene munaiwala.

Cakudya naco cili ndi mbali yake. Zakudya zomanga thupi monga nyama, kapenta, mazila, mkaka, kayela ndi nshawa zimalimbilana njila ndi levodopa, m'matumbo ndiponso polowa mu ubongo. Kwa anthu ambili zimayenda bwino akamwa pilitsi ndi kapu yodzala madzi mphindi 30 asanadye, kapena patapita ola limodzi atadya. Ngati m'masiku oyamba likukucititsani mselu, imwani ndi kacidutswa ka buledi kapena bisiketi. Tisamvane molakwika: sitikunena kuti musiye ndiwo zimenezi. Odwala Parkinson ambili amaonda kale, ndipo kuwamana kapenta n'kuwaonjezela vuto. Cofunika ndi kusiyanitsa nthawi cabe. Mapilitsi oonjezela magazi a ferrous sulphate naonso amatsekeleza levodopa, conco pakati pa awiliwa pazidutsa maola osacepela awili.

Musasiye mwadzidzidzi

Kuleka mankhwalawa kamodzin'kamodzi kungabweletse kutentha thupi kwambili, kuuma kwa minofu yonse ndi kusokonezeka mutu, ndipo munthu angathe kufa. Zikatelo thamangilani kucipatala. Tikudziwa kuti kawilikawili anthu sasiya mwakufuna: mankhwala amatha ku kiliniki, ndalama ya basi imasowa, ku famasi ya m'tauni mtengo wake ndi woboola m'thumba. N'cifukwa cake muzikatenga ena kukali mapilitsi a mlungu umodzi kapena iwili. Mukaona kuti sakwana, funsani dokotala kapena wa ku famasi mmene mungawatambasulile, m'malo momwa bwinobwino mpaka litatha lomaliza. Kupempheledwa ndi kusala kudya sikuletsa kumwa pilitsi.

Mukagonekedwa m'cipatala pa matenda ena alionse, nyamulani mankhwala anu ndi pepala la maola. Mu wodi mankhwala amagawidwa pa nthawi yawoyawo, imene singagwilizane ndi yanu. Wodikilila wodwala afotokozele anesi mwaulemu, tsiku loyamba lomwelo.

Zimene mungaone m'thupi

Mkodzo, thukuta kapena malovu zingade pang'ono. Zimenezi si zoopsa. Cizungulile poimilila cimacitika cifukwa BP imatsika: khalani kaye m'mphepete mwa bedi musanaime, ndipo imwani madzi okwanila, makamaka m'nyengo yotentha ya October. Ena amagwidwa ndi tulo masana mosayembekezela. Amenewa asayendetse galimoto kapena njinga yamoto. Pakapita zaka, thupi lingayambe kudzigwedeza lokha, mapewa ndi mutu kupotokola, nthawi imene mankhwala ali pa mphamvu. Kumeneku n'kosiyana ndi kunjenjemela kwa matenda, ndipo kuonjezela pilitsi kumangokukulitsa. Jambulani kavidiyo pa foni, lembani ola limene zacitika, mukaonetse dokotala.

Cina cimene mabanja amacita naco manyazi: wodwala angayambe kubecha pa foni usiku wonse, kumwaza ndalama, kudya mosaleka kapena kufuna za m'cipinda mopitilila. Zimacitika kwambili ndi mankhwala ena a Parkinson ochedwa pramipexole ndi ropinirole, komanso nthawi zina ndi levodopa. Nenani msanga, penshoni isanathe.

Musanayambe kumwa, uzani dokotala ngati muli ndi matenda a maso a glaucoma, munadwalapo khansa ya pakhungu ya melanoma, muli ndi vuto la mtima kapena zilonda za m'mimba, muli ndi pakati, kapena mukumwa mankhwala a BP, a TB kapena a matenda a maganizo.

Kuiwala ndi kuona zinthu zimene palibe

Odwala ena, matenda akakhalitsa, nzelu zimayamba kufooka. Palinso matenda apacibale ochedwa Lewy body dementia, pamene kusokonezeka kumayamba coyamba kapena pamodzi ndi kuuma kwa thupi. Munthu amakhala bwino m'mawa, madzulo osazindikila mpongozi wake. Amaona ana kapena tinyama m'cipinda. Usiku angamenye ndi kukuwa ali m'tulo, akucita zimene akulota. Zonsezi zimacokela mu ubongo. Nkhalamba yopezeka panja mbandakuca itasocela, ikuchula maina a anthu amene anamwalila, ndi wodwala. Si mfiti, ndipo aneba ayenela kuuzidwa zimenezi zinthu zisanafike poipa. M'thumba la malaya ake muziikamo kapepala ka dzina ndi nambala ya foni ya wacibale.

Akanena kuti pakona paima munthu, musakangane naye. Yatsani nyale, cotsani jekete yopacikidwa pacitseko, muyankhe kuti, "Amai, ine sindikumuona, koma ndili pano ndi inu." Kusokonezeka kukabwela mwadzidzidzi, m'masiku awili kapena atatu, kawilikawili pali cina cayambitsa: malungo, cibayo, matenda a m'cikhodzodzo, kudzimbidwa kapena kucepa madzi m'thupi. Mupite naye akapimidwe.

Mau awa alembeni pa khadi la wodwala ndi zilembo zikuluzikulu: asapatsidwe haloperidol kapena chlorpromazine. Mankhwalawa amapezeka m'zipatala zathu ndipo amapelekedwa kwa munthu wovutitsa, koma amatseka njila ya dopamine. Wodwala Parkinson amaumilatu, ndipo kwa wa Lewy body dementia angaike moyo paciswe. Metoclopramide ndi prochlorperazine, oletsa kusanza, ali m'gulu lomwelo. Benzhexol, amene ambili amamudziwa kuti Artane, amacepetsa kunjenjemela koma kwa okalamba amakulitsa kuiwala ndi kusokonezeka. Ngati ambuya akumwa, funsani dokotala aunikenso, osawasiyitsa nokha. Pa kufooka kwa nzelu dokotala angayese rivastigmine kapena donepezil. Madokotala a ubongo ndi mitsempha alipo ku cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital (UTH) ku Lusaka, kumene maphunzilo a ukatswili umenewu anayamba mu 2018. Pemphani kalata yokutumizani kucokela ku cipatala ca kwanu.

Pilitsi palokha silikwanila. Wodwala aziyenda tsiku lililonse ndi kugwila tinchito timene angathe, ngakhale kutongola cimanga. Mapazi akakakamila pakhomo, musamukoke dzanja. Welengani naye mokweza, "wanu, thu, wanu, thu", kapena jambulani mizele pansi kuti aziilumpha. Wosamalila naye azilandilidwa ndi acibale ena. Nchito imeneyi si ya mwana wamkazi mmodzi.

Za kafukufuku ndi mankhwala a zitsamba

Mpaka pano palibe mankhwala otsimikizika oimitsa matendawa, conco wokugulitsani botolo pa WhatsApp kuti mucililatu akufuna ndalama zanu. Kafukufuku ali mkati. Mu 2023 asayansi a ku Nigeria ndi anzao a m'maiko ena anapeza kusintha kwina mu jini (cibadwa cotengela kwa makolo) yochedwa GBA1, kumene kumaonjezela ngozi ya Parkinson mwa anthu a makolo a ku Africa. Ena akuyesa nyemba za velvet, za mtundu umodzi ndi citedze, cifukwa njele zake zili ndi levodopa wacibadwa. Musadzikonzele nokha: mphamvu yake imasiyana njele ndi njele, mulibe carbidopa, ndipo kuziphatikiza ndi mapilitsi kungabweletse kusanza ndi kusokonezeka mutu.

Mukapemphedwa kulowa m'kafukufuku, funsani ngati anavomelezedwa ndi National Health Research Authority. Akufotokozeleni m'cinenelo cimene mumamva musanasaine kapena kudinda cala, ndipo mungakane kapena kutulukamo popanda kutaya cithandizo canu ca masiku onse. Vuto lililonse lobwela ndi mankhwala, kapena mapilitsi okayikitsa, nenani ku cipatala kapena ku ZAMRA, bungwe la boma loyang'anila mankhwala.

Sungani mapilitsi m'paketi yake, pamalo ouma ndi ozizila bwino, osati pawindo kapena pafupi ndi mbaula, ndiponso kutali ndi ana. Ngati wodwala wayamba kuiwala, mankhwala azisunga wosamalila, n'kumapeleka pilitsi la nthawi imeneyo lokha.