Momwe kampani imayezera mtengo wa katundu wake ndi kuulemba m'malipoti

Mukagula masheya a kampani ya nyumba zochititsa lendi, monga MPICO kapena ICON Properties, mutha kuona phindu lalikulu mu lipoti la pachaka koma dividendi, gawo la phindu lomwe eni masheya amagawiridwa, n'kubwera yochepa. Nthawi zambiri gawo la phindulo si ndalama yomwe yalowa kubanki. Ndi kukwera kwa mtengo wa nyumba m'mabuku, mtengo womwe maakauntanti amautcha fair value. Muyeso wake ndi IFRS 13, womwe bungwe la IASB la ku London, lokonza malamulo a kalembedwe ka malipoti a zachuma, lidatulutsa mu 2011 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2013. Makampani a pa Malawi Stock Exchange amautsatira.

Ngati ndinu woyeza katundu wa kampani, yambani ndi kumvetsa mtengo womwe mukufuna. Si ndalama yomwe kampani idagulira katunduyo, ndipo si yomwe mwini wake akulakalaka. Ndi ndalama yomwe kampani ikadalandira ikadagulitsa katunduyo pa tsiku lotsekera mabuku, kwa wogula wodziwa zomwe akugula, popanda wokakamiza mnzake. Choncho mtengo wa nyumba yogulitsidwa mwachangu chifukwa ngongole yafika m'khosi suyenera kutengedwa ngati chitsanzo.

Kachiwiri, pezani msika. Tengani womwe katundu wotereyo amagulitsidwako kwambiri, ndipo ukhale womwe kampani ingathe kufikako. Ndalama zotengera katundu kumsikako muzichotsa pa mtengo, koma za ejenti kapena loya IFRS 13 siilola kuti muchotse.

Ngati ndi malo kapena nyumba, funsaninso kuti wogula wanzeru angazigwiritse ntchito yanji yopindulitsa koposa. Poloti yomwe lero ikungosungirako magalimoto pakati pa mzinda wa Lilongwe itha kuyezedwa ngati malo omangapo maofesi, bola malamulo a khonsolo akulola ndipo ndalama zomangira zingabwerere.

Kenako sankhani njira yoyezera. Zilipo zitatu. Mutha kuyerekeza ndi katundu wofanana yemwe wagulitsidwa posachedwa. Mutha kuwerengera ndalama zomwe zingafunike kugula kapena kumanga wina wogwira ntchito yomweyo, n'kuchotsapo kutha ndi kukalamba kwake; iyi imathandiza pa makina a fakitale omwe sagulitsidwa kawirikawiri. Kapena mutha kuwerengera ndalama zomwe katunduyo adzabweretse m'tsogolo.

Njira yachitatuyi ndiyofunika kuidekhera, chifukwa m'pomwe nambala imodzi imasuntha phiri. Tiyerekeze kuti nyumba ya maofesi imabweretsa lendi ya K120 miliyoni pachaka mutachotsa zolipira alonda, inshuwalansi ndi zokonzera. Ngati ogula nyumba zotere amafuna kubweza 10 peresenti pachaka, mugawa 120 ndi 0.10, ndipo nyumbayo ndi ya K1.2 biliyoni. Mukati 12 peresenti, yatsika kufika pa K1 biliyoni. Njerwa ndi zomwezo, alendi ndi omwewo, koma K200 miliyoni yasowa. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kampani yomwe yaitana katswiri woyeza malo wochokera kunja, wolembetsedwa mwalamulo, kusiyana ndi yomwe mabwana ake adziyezera okha. Bwana yemwe bonasi yake imadalira phindu sangakhale woweruza wabwino pa nambala imeneyi.

Zaulimi zili ndi lamulo lakelake, IAS 41. Nzimbe zomwe zili m'munda ku Nchalo ndi ku Dwangwa, kampani ya Illovo siingadikire kuti zidulidwe kuti izilembe. Imayerekeza matani omwe adzatuluke, kuchuluka kwa shuga m'nzimbemo, msinkhu womwe zafika ndi mtengo woyembekezeka, ndipo apa ndalama zogulitsira zimachotsedwa. Madzi akasefukira ku Chigwa cha Shire, mtengowo umagwa mpeni usanakhudze nzimbe.

Mukapeza nambala, nenani kuti yaima pa umboni wanji. IFRS 13 ili ndi masitepe atatu. Level 1 ndi mtengo wooneka pamsika wotakataka, monga wa masheya ogulitsidwa kawirikawiri. Muutenga momwe ulili osasintha kanthu. Level 2 ndi pomwe mtengo wa chinthucho palibe koma pali nambala zina zooneka pamsika, monga chiwongoladzanja cha mabondi a boma. Level 3 ndi zomwe kampani yadziyerekezera yokha. Nyumba zambiri, nzimbe ndi masheya a makampani omwe sali pa msika wa masheya zimagwera apa, chifukwa kuno kwathu nyumba zikuluzikulu zimagulitsidwa mwa apo ndi apo ndipo mitengo yake siilengezedwa. Nambala imodzi yokha yofunika ikakhala yoyerekeza, muyeso wonse umatsikira ku Level 3.

Tsopano lembani pamalo poyenera. Nyumba yochititsa lendi ikakwera mtengo, lamulo la IAS 40 limati kusinthako kulowe mu phindu la chakacho. Nyumba yomwe kampani imagwiriramo ntchito yokha imatsata lamulo la IAS 16, ndipo kukwera kwake kumasungidwa pathumba lapadera, osati mu phindu. Musaiwale kuwerengeratu msonkho womwe udzalipidwe m'tsogolo pa kukwerako.

Samalaninso ndi kugwa kwa kwacha. Itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, zitsulo ndi makina idakwera, ndipo katundu wambiri adaoneka wodula mu kwacha ngakhale sadasinthe kanthu. Lipoti loona mtima limafotokoza zimenezi poyera.

Pomaliza, ikani zonse m'manotsi a lipoti: njira yomwe mwagwiritsa ntchito, nambala zikuluzikulu zomwe mwayerekeza, ndipo pa Level 3 muonetse mtengo wa kumayambiriro kwa chaka, zomwe zagulidwa, zomwe zagulitsidwa, mtengo wa kumapeto, komanso momwe ungasinthire nambala zija zitasuntha. Maodita adzafuna lipoti la woyeza malo ndi mapangano a lendi, ndiye zisungeni pafupi. Inu a masheya, tsegulani tsamba la ndalama zolowa ndi zotuluka, pezani mzere womwe kukwera kwa fair value kwachotsedwa pa phindu, muone zomwe zatsala.