Kupita wekha ku Nyika pa galimoto, mmene mungayendere

Anzanga ambiri akamva zoti ndinayendetsa ndekha mpaka ku Chelinda, malo ogona alendo mkati mwa paki ya Nyika, funso lawo limakhala limodzi, simunaope? Mantha analipo ndithu, koma chimene chimagwetsa anthu m'mavuto pa ulendo uwu si zilombo kapena akuba ayi, ndi nthawi. Munthu amaona makilomita pa foni nkumati aaa apa ndi pafupi, osadziwa kuti msewu wa kumapiri sawerengera makilomita, amawerengera maola. Ndiye ngati mukufuna kupita nokha, dongosolo lanu lonse likhale lakuti dzuwa lisakulowereni muli panjira.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka October msewu uli wouma. Nthawi ya mvula kumtunda kuja kumakongola koopsa, maluwa a ma orchid ali mbwee, mitundu yoposa 200, koma matope ake si oti munthu ali yekha alimbane nawo. Galimoto ikhale yokwera, ngati ndi 4x4 bwino kwambiri. Musananyamuke pitani nayo kwa makaniko aone mabuleki, madzi a mu injini, oyilo ndi batire, ndipo inuyo nokha yesererani kusintha tayala pakhomo panu pomwe, jeke mwaikweza nokha, manati mwamasula nokha, chifukwa kumene mukupitako mutha kukhala maola angapo osadutsa galimoto ina. Sipeya ikhale yopopa bwino, kapampu ka mpweya, chingwe chokokera, tochi, madzi akumwa ochuluka. Laisensi, inshuwalansi ndi COF zikhale pafupi poti marodibuloko alipo, pa Jenda amaimitsa.

Tsiku loyamba musalimbane ndi zambiri, kuchoka ku Lilongwe kukagona ku Mzuzu basi, ndi makilomita opitirira 350 pa M1 kudutsa Kasungu. Nyamukani m'mamawa. Pa Jenda gulani tomato, anyezi ndi mbatatesi zokaphika kumtunda. Mukadutsa mphambano ya ku Mzimba msewu umayamba kukwera mapiri a Viphya kulowa Chikangawa, ndipo apa ndi pamene ulendo umayamba kukoma, mitengo ya paini, zitunda zotsatizana mpaka kumene maso akulekeza, ndi chimwala chija amati Elephant Rock chooneka ngati njovu yagona. Koma chifunga cha ku Chikangawa musachitenge mwachibwana, chimatha kutseka msewu mwadzidzidzi ngakhale masana, ndiye yatsani magetsi, chepetsani liwiro, ndipo musamapitirire malole a matabwa pa kona. Mukafuna kujambula pezani malo otakasuka muime kaye, zojambula uku mukuyendetsa ayi chonde.

Ku Mzuzu thirani fulu thanki madzulo omwewo ndipo tapani ndalama za kashi. Mukafika pa Rumphi thiraninso ngakhale geji ikuoneka ngati sinatsike, pamenepo ndiye pomaliza podalirika kupeza mafuta ndipo mukufunika okwanira kupita, kuzungulira mu paki ndi kubwerera. Magiya ang'onoang'ono pa chitunda amamwa mafuta kuposa mmene munazolowera mtauni.

Tsiku lachiwiri ndiye lenileni. Kuchoka Mzuzu mudutsa Ekwendeni, pa Bwengu mukhotera kumanzere kusiya M1, muoloka mtsinje wa South Rukuru pa Njakwa pamene madzi amadutsa mothinana pakati pa mapiri awiri, kenako Rumphi boma. Kuchoka apo mulowera ku Bolero, dera la a Chikulamayembe, mpaka pa geti la Thazima lolowera mu paki ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo kuchoka pa geti kukafika ku Chelinda ndi enanso ngati 60 a msewu wafumbi, mabampu, miyala ndi mitunda. Pa mapu zimaoneka zochepa koma patulani maola anayi kapena asanu kuchokera pa Rumphi. Ine ndimati pofika 12 koloko mukhale mutalowa pa geti, mukachedwa kuposa 2 koloko kuli bwino kugona ku Rumphi nkulawira mawa lake. Tengani chiphaso cha unzika chifukwa a Malawi amalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja.

Musanafike pa geti, pamene netiweki ikadalipo, imbirani m'bale wanu mmodzi mumuuze kumene muli, kumene mukagone ndi tsiku lotsika. Auzeninso a ku malo ogona kuti mukubwera nokha ndipo muyembekezeke nthawi yakuti, kuti mukapanda kufika adziwe kuti pali vuto panjira. Mukakwera kumtunda foni imagwira mwa apo ndi apo, kaya TNM kaya Airtel, ndiye mapu dawunilodani muli ku Mzuzu. Galimoto ikafa musaisiye nkuyamba kuyenda pansi, khalani pomwepo mudikire.

M'midzi ya panjira yendani pang'onopang'ono, ana, mbuzi, njinga ndi ngolo zonse zili mumsewu womwewo ndipo fumbi lanu limalowa m'nyumba za anthu. Mukasokera funsani, koma yambani ndi moni, kuno ndi kwa Atumbuka ndiye monire adada, monire amama, pomaliza yewo chomene, anthu amakulozerani njira ndi mtima wonse.

Tsono mukangotuluka m'nkhalango ya miombo nkufika pamwamba penipeni mudzaima nokha osauzidwa. Udzu wokhawokha, zitunda zoterera ngati wina anachita kuzisalaza ndi dzanja, mphepo yozizira, mbidzi ndi ntchefu zikudya chapatali, ndi zii wake uja amene mtauni simungamupeze. Msewu pena umayenda m'malire enieni a Zambia. Nyika ndi paki yoyamba m'Malawi muno, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo ndi yaikulu kuposa onse, ma sikweya kilomita opitirira 3,000. Apa ndi pamene kuyenda wekha kumakoma, palibe wokufulumizitsa, mutha kuzimitsa injini nkukhala theka la ola mukungoyang'ana. Ku Chelinda ndi mamita opitirira 2,000 pamwamba pa nyanja yamchere ndipo mu June ndi July chisanu chimagwa mpaka udzu kuyera m'mawa, ndiye jekete yolemera, chipewa, masokosi ndi bulangeti loonjezera musasiye. Gonani masiku awiri osachepera, tsiku limodzi ndi kungozunza thupi ndi galimoto.

Pobwerera ngati mphamvu zilipo kaoneni Livingstonia, mishoni imene Robert Laws anakhazikitsa pa Khondowe mu 1894, pali Stone House, nyumba yamiyala imene Laws ankakhala, ndi mathithi a Manchewe ogwa mamita 125. Kukwera kwake dzerani msewu wochokera ku Njakwa, ndi wosavuta. Wa Gorodi wotsikira ku Chitimba uli ndi makona 20 opindika ngati chigongono, wopapatiza, phompho lili pambali, nyanja ikuoneka pansi pooo. Ngati mwasankha kutsikira kumeneko, ikani giya wani kapena thu injini izigwira yokha galimoto, osangopondereza mabuleki mpaka kununkha, imbani hutala musanalowe kona iliyonse, ndipo mukakumana ndi wokwera mupatseni mpata ndi inuyo. Kukagwa mvula usiku wake musayerekeze, bwererani njira ya ku Njakwa yomwe munadzera.